Kusankha Magudumu Olimba a Njinga ya M'mapiri Popanda Kuboola M'thumba

Pa ziwalo zonse za njinga ya m'mapiri, imene ambiri timangoti mawunteni baiki kapena njinga ya magiya, chozunzika kwambiri ndi gudumu. Ndilo limagunda miyala, kugwera m'maenje, kuwoloka mitsinje ndi kusenza thumba la chimanga lomangidwa pakaliyala. Felemu yabwino imakalamba ndi mwini wake, koma gudumu losalimba limayamba kuvuta dzinja lisanathe: lero sipoko yaduka, mawa limu likukhula mabuleki, mkuja ekiselo yapindika. Ndalama zomwe munthu amataya pokonzetsa gudumu lotere mwezi ndi mwezi zimadzaposa zomwe akanagulira labwino kamodzi.

Kulimba kwa gudumu sikuyendera mtengo wake kapena dzina lomatidwa palimu. Gudumu ndi zinthu zitatu, limu, masipoko ndi habu, zolumikizidwa ndi dzanja la mmisiri. Zitatuzo zikasankhidwa molingana ndi msewu komanso katundu wanu, mmisiri n'kuziluka modekha, gudumu la mtengo wapakati limakhalitsa kuposa lodula lolukidwa mwachisawawa.

Yambani ndi manambala a patayala

Musanapite kumsika, werengani m'mbali mwa tayala lanu. Mupezapo manambala awiri olekanitsidwa ndi kamzere, monga 54-559. Yoyamba ndi m'lifupi mwa tayala, yachiwiri ndi kukula kwa limu pamalo pamene mkombero wa tayala umakhala, zonse m'mamilimita. Yachiwiriyo ndiyo yosanama. Njinga za m'mapiri zili ndi misinkhu itatu: 559 ndi gudumu la mainchesi 26, 584 ndi la 27.5, ndipo 622 ndi la 29.

Mainchesi okha amasocheretsa. Njinga zakuda zakale zija, za Humber, Phoenix kapena Hero, timati ndi za 28, koma limu lake ndi la 635, lalikulu kuposa la 29. Tayala la njinga yotere silingakhale palimu la mawunteni baiki.

Msinkhu wa 26 ndiwo unayamba. M'zaka za m'ma 1970, anyamata a ku Marin County ku California, monga Joe Breeze, Gary Fisher ndi Charlie Kelly, ankatsetsereka m'mapiri pa njinga zakale za Schwinn zomwe zinali ndi magudumu otere. Pamene kampani ya Specialized inatulutsa njinga ya Stumpjumper mu 1981, inatsata msinkhu womwewo, ndipo kwa zaka pafupifupi 20 njinga zambiri za m'mapiri zinali za 26. Masiku ano za mpikisano zambiri ndi za 29, chifukwa gudumu lalikulu limakwera pamwala mosavuta ndipo silitaya liwiro msanga. Koma la 26 lili ndi masipoko aafupi, motero limapirira bwino likakankhidwa cham'mbali. Ndiponso njinga zambiri za kaunjika zomwe zimafika kwathu kuno ndi za 26, choncho matayala, machubu ndi malimu ake sasowa m'misika. Munthu wokhala kutali ndi tawuni, kaya ndi ku Ntchisi, ku Katete kapena ku Angónia, aganizire kaye zomwe angapeze pamsika wapafupi asanasirire gudumu lalikulu.

Limu likhale la makoma awiri

Chotsani tayala ndi lamba wam'kati, muyang'ane pamene pali timanati tomangira masipoko. Ngati mitu ya timanatito ili poyera, yotundumuka pamalo pogona chubu, limulo ndi la khoma limodzi. Ngati ili m'kati mwa timabowo, pansi pa khoma lina, ndi la makoma awiri. La makoma awiri limakhala ndi mphako yozungulira gudumu lonse, ndipo mphakoyo ndiyo imaliletsa kupindika kapena kupotoka likagunda mwala. Kusiyana kwa mtengo n'kochepa poyerekeza ndi kusiyana kwa mphamvu. Ngati pali chinthu chimodzi choti musagonjerepo pogula, n'chimenechi.

Malimu alipo a chitsulo, a aluminiyamu ndi a kaboni. Lachitsulo limatheka kuwongola ndi nyundo likaphwanyika, koma n'lolemera, limachita dzimbiri, ndipo likanyowa mabuleki a labala amangoterereka. Pamtsetse wonga wochokera pamwamba pa phiri la Zomba mvula ikugwa, limeneli si vuto laling'ono. La kaboni n'lopepuka, ndipo ndilo amakonda opalasa m'mipikisano yonga Cape Epic ya ku South Africa, koma mtengo wake ungagule njinga zingapo, ndipo likagunda mwala mwamphamvu limang'aluka osati kubonyoka. La aluminiyamu ndilo loyenera ambirife: silichita dzimbiri, limagwira mabuleki, ndipo likabonyoka pang'ono m'mphepete mmisiri amatha kulibweza.

Malimu ena ali ndi timikombero tachitsulo m'mabowo a masipoko. Timeneti timathandiza kuti nati izizungulira bwino pomanga ndiponso kuti bowo lisang'ambike. Alexrims, Weinmann, WTB, Mavic ndi Sun Ringlé ndi ena mwa makampani odziwika opanga malimu a aluminiyamu, koma chizindikiro chomata aliyense angasindikize. Khulupirirani zomwe maso anu aona m'kati mwa limu.

M'lifupi mwa limu ndi mtundu wa mabuleki

M'lifupi mwa limu mumayezedwa m'kati, pakati pa milomo iwiri yogwira tayala. Tayala la mainchesi 2.0 mpaka 2.25 limakhala bwino palimu la mamilimita 19 mpaka 25. La 2.3 mpaka 2.5 limafuna la 25 mpaka 30. Tayala lalikulu palimu lopyapyala limagwedera pokhota, makamaka mpweya ukachepa. Tayala laling'ono palimu lotakata limasiya milomo ya limu pamtunda, miyala n'kumaigunda.

Onaninso mabuleki anu. Ngati ndi a labala zofinya limu, m'mbali mwa limulo muyenera kukhala mosalala ndi mowongoka pogwira labala. Malimu opangidwira mabuleki a disiki okha alibe malo amenewa, ndipo kuwafinya ndi labala n'kuika moyo pachiswe. Dziwaninso kuti labala, pamodzi ndi mchenga wa m'dzinja, zimadya limu pang'onopang'ono. Mukayendetsa chala m'mbali n'kumva kuti mwalowa m'kati, khoma latsala lopyapyala ndipo tsiku lina lidzaphulika ndi mpweya wa m'chubu. Ubwino wa disiki ndi uwu: limu silidyeka, ndipo ngakhale litapindika pang'ono mabuleki amagwirabe.

Bowo la valavu nalonso lili pawiri: lalikulu la mamilimita 8.5 la valavu yonga ya galimoto, ndi laling'ono la 6.5 la valavu yopyapyala ya Presta. Lalikulu limakupatsani mwayi wopopa paliponse pamene pali pampu ya galimoto kapena ya njinga yamoto.

Masipoko ndiwo msana wa gudumu

Anthu ambiri amaganiza kuti sipoko imaduka chifukwa yamangidwa kwambiri. Kawirikawiri chimakhala chosemphana: imaduka chifukwa ndi yolobodoka. Pagudumu lomangidwa bwino, sipoko iliyonse imakokedwa ndi mphamvu yofika pafupifupi makilogalamu 100. Mukakwera, masipoko ochepa omwe ali pansi penipeni pa gudumu amapepukidwa pang'ono, kenako n'kukokekanso gudumu likazungulira. Mmisiri wa ku America Jobst Brandt anafotokoza bwino zimenezi m'buku lake la The Bicycle Wheel la mu 1981. Sipoko yomangidwa mokwanira imakhalabe yokokeka ngakhale ikafika pansi. Yolobodoka imakhwefukiratu, n'kukokedwanso mwadzidzidzi, ndipo pachigongono pake, pamene yakolekedwa kuhabu, pamapindika uku ndi uku. Gudumu la 26 limazungulira pafupifupi ka 480 pa kilomita imodzi. Ulendo wa makilomita 20 okha ndiye kuti chigongonocho chapindidwa kufika pafupifupi ka 10,000. Waya aliyense wopindidwa chotero amadzaduka.

Gudumu lakumbuyo ndilo limavutika koposa. Limasenza gawo lalikulu la kulemera kwanu, ndipo chifukwa magiya amadya malo kumanja, masipoko a mbali imeneyo amaima chilili n'kumangidwa kwambiri pamene akumanzere amatsala ofewerapo. N'chifukwa chake ndalama zikachepa, zipite kugudumu lakumbuyo.

Pa chiwerengero, masipoko 32 amakwanira munthu wopalasa yekha m'misewu yafumbi ndi m'tinjira ta m'nkhalango. Wolemera thupi, kapena wonyamula katundu ndi anthu, asankhe 36. Magudumu a masipoko 24 kapena kucheperapo amakongola, koma imodzi ikaduka limu limapindika kwambiri moti silingadutsenso pafelemu. Chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere: magudumu a masipoko ochepa opakidwa utoto wowala, omwe amabwera panjinga zotchipa, ndi omwe sachedwa kufika kwa okonza.

Sankhani masipoko a chitsulo chosachita dzimbiri. Tengani maginito kumsika: sipoko wamba yongokutidwa imakakamira zolimba, pamene yosachita dzimbiri imangokokeka pang'ono kapena osakokeka n'komwe. Kunenepa kwa nthawi zonse ndi mamilimita 2.0, komwe amati geji 14. Geji 13, ya mamilimita 2.3, imathandiza onyamula katundu, bola ilowe bwino m'mabowo a habu. Yonenepa kuposa apo palimu la aluminiyamu imatha kung'amba limulo, chifukwa sitamuka. Ilipo ina yonenepa kunsonga zonse ziwiri koma yopyapyala pakati, monga 2.0 ndi 1.8, yomwe amapanga a Sapim ku Belgium ndi a DT Swiss ku Switzerland. Imaoneka yofooka, koma imakhalitsa, chifukwa pakati pamatamuka n'kupeputsa chigongono. Timanati tikhale ta bulasi. Ta aluminiyamu timamatirira ndi kuphwanyika tikakumana ndi kiyi patapita zaka.

Habu: makoni kapena mabering'i omata

Mahabu alipo mitundu iwiri. Woyamba ndi wa makoni ndi timipira tachitsulo, womwe mmisiri aliyense wa pansi pa mtengo amaudziwa. Mwachizolowezi, habu yakutsogolo imakhala ndi timipira 10 mbali iliyonse ta 3/16 ya inchi, yakumbuyo 9 ta 1/4. Kampani ya Shimano ya ku Japan yakhala ikugwiritsa ntchito makoni ngakhale pamahabu ake apamwamba. Habu ya Deore kapena Alivio ili ndi timalabala totchinga fumbi ndi madzi, ndipo ikamatsukidwa ndi kuthiridwa girizi imatumikira zaka zambiri. Choopsa chake n'chakuti mbale yomwe timipira timayendamo ndi yomatirira kuhabu. Mukanyalanyaza mpaka mbaleyo itakumbika, habu yonse yatha.

Mtundu wachiwiri ndi wa mabering'i omata, omwe amachotsedwa athunthu n'kukhomeramo ena. Ali ndi nambala palabala lake, monga 6000, 6001, 6902 kapena 6903, ndipo zilembo za 2RS zimatanthauza kuti ndi otchingidwa mbali zonse. Akatha, habu simawonongeka. Makampani a ku Taiwan monga Novatec, Formula ndi Joytech amapanga mahabu otere pamtengo wofikirika, pamene DT Swiss 350 ndi Hope ya ku England ndi okhalitsa koma odula. Musanagule, funsani ngati nambala ya bering'iyo imapezeka m'masitolo a zipangizo za makina m'tawuni yanu. Habu yabwino ndi imene ingakonzeke komwe mumakhala.

Musakopeke ndi phokoso. Mahabu ena amalira kwambiri mukasiya kupalasa chifukwa ali ndi timano tambiri togwira msanga. Izi zimathandiza opalasa pamiyala yovuta, koma sizitanthauza kulimba.

Fuliwilo kapena kaseti

Apa ndi pamene pagona nkhani ya ekiselo yopindika. Panjinga zotchipa za magiya 6 kapena 7 kumbuyo, magiyawo amakhala fuliwilo yopotokolera pahabu. Kuti fuliwiloyo ipeze malo, timipira takumanja timakhala m'kati, kutali ndi felemu, ndipo chigawo chachitali cha ekiselo chimatsala chopanda chochirikiza. Ikani munthu pakaliyala, gwerani m'dzenje, ekiselo imapindika pomwepo kenako n'kuthyoka. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, a Shimano anatulutsa habu yokhala ndi mutu wakewake wozungulira, pomwe magiya otchedwa kaseti amangolowetsedwa n'kutsekedwa ndi mkombero. Pahabu yotere timipira timakhala kunja, pafupi ndi felemu, ndipo ekiselo sipindika wamba.

Kuti muzindikire, chotsani gudumu n'kuzunguza magiya chobwerera. Yang'anani timano ta pakati pomwe pamalowa chomasulira. Tikazungulira limodzi ndi magiya, ndi kaseti. Tikaima, ndi fuliwilo. Ngati mukusintha gudumu lakumbuyo ndipo thumba likulola, samukirani ku kaseti. Ngati mukhalabe pa fuliwilo, ikani ekiselo yopanda mphako, yomanga ndi manati, yachitsulo cholimba.

Mitu ya kaseti nayo ndi yosiyana. Wa HG ndi wofala, ndipo umalandira makaseti a magiya 8, 9, 10 ndi a Shimano a 11 a njinga za m'mapiri. Wa XD ndi wa SRAM, ndipo Micro Spline ndi wa Shimano wa magiya 12. Wofuna zosasowa akhale pa HG.

Yezani felemu ndi foloko

Habu iyenera kulingana ndi mpata wa felemu. Panjinga zambiri za 26, kutsogolo ndi mamilimita 100 ndipo kumbuyo ndi 135. Zatsopano zili ndi ekiselo yonenepa yolowa m'bowo la felemu: 15 kwa 100 kutsogolo, 12 kwa 142 kumbuyo, kapena muyeso wotakata wa Boost, 15 kwa 110 ndi 12 kwa 148. Felemu ya aluminiyamu siyenera kukanulidwa kuti habu ilowe. Disiki nayo imamangidwa m'njira ziwiri, ndi mabawuti 6 kapena ndi mkombero wa Center Lock. Ya mabawuti ndi yosavuta, chifukwa sifuna chomasulira chapadera. Njira yachidule ndi kunyamula gudumu lakale popita kukagula, ndipo amene akuitanitsa kwa m'bale wa ku Johannesburg kapena ku London atumize miyeso yonseyi, osati chithunzi cha njinga chokha.

Kuyesa gudumu la kaunjika

Gudumu lakale la habu ya Shimano ndi limu la makoma awiri nthawi zambiri limaposa latsopano lopanda dzina, koma liyeseni. Gwirani nsonga za ekiselo ndi zala n'kuizunguza pang'onopang'ono. Iziyenda mofewa, mopanda kukhuluza ngati muli mchenga. Yang'anani nsonga yake ikamazungulira: ikamagwedeza mutu, ekiseloyo ndi yopindika. Ngati wogulitsa alola, masulani koni imodzi n'kuipukuta. Pomwe timipira tinkayenda payenera kuoneka kamzere kowala kosalala. Timaenje takuda pakoni tikutanthauza kugula koni ina, koma timaenje m'mbale ya habu tikutanthauza kulisiya gudumulo.

Kenako pukutani limu n'kuliyang'ana padzuwa, bowo ndi bowo, makamaka masipoko akumanja a gudumu lakumbuyo. Timing'alu tochepa ngati tsitsi tochokera pabowo sitiwotchereka, ndipo timangokula. Zunguzani gudumu: kuvina pang'ono uku ndi uku kumawongoleka, koma kudumpha m'mwamba ndi pansi kumasonyeza limu lophwanyika. Pomaliza khwekhwesani masipoko a mbali imodzi ndi chikhadabo, imodzi imodzi, monga nsambo za gitala. Onse alire mofanana. Gudumu likaoneka lowongoka koma masipoko ena ali gwa pamene ena ali lende, ndiye kuti limu linapindika kale ndipo likungogwiridwa mokakamiza.

Katundu ali ndi malire

Njinga ya m'mapiri inapangidwira munthu mmodzi pamsewu woipa, osati matumba a makala. Njinga ya Buffalo, yomwe bungwe la World Bicycle Relief limafalitsa ku Malawi, Zambia ndi maiko ena, ili ndi kaliyala wonyamula makilogalamu 100, ndipo magudumu ake anawapanga olemera dala, a masipoko onenepa. Wa kabaza amene akufuna magiya chifukwa cha zitunda atengerepo phunziro: gudumu la 26, masipoko 36, limu lotakata la makoma awiri, habu ya kaseti ndi tayala lalikulu lopopedwa mokwanira. Tayala lopanda mpweya wokwanira ndilo limapereka limu kumiyala.

Dzanja la mmisiri

Magudumu otchipa amalukidwa ndi makina, ndipo ambiri amatuluka m'fakitale masipoko asanakhwime. Mmisiri wodziwa amayamba wadontheza mafuta patimanati. Amaluka sipoko iliyonse kudutsana ndi zinzake zitatu, kenako amamanga pang'onopang'ono, theka la kuzungulira panati iliyonse, kuzungulira gudumu lonse kangapo. Amagwira masipoko anayi nthawi imodzi n'kuwafinya ndi manja mwamphamvu kuti akhazikike, n'kuwongolanso. Amatembenuza gudumu pafelemu kuti aone ngati limu lili pakatikati. Gudumu lotere silithetheka mukalikwera koyamba. Ngakhale gudumu latsopano la m'sitolo lipite kaye kwa mmisiri wotere lisanaone msewu, ndipo libwerereko pakatha milungu ingapo. Masipoko atatu kapena anayi akaduka motsatizana, otsalawo atopa kale: lukitsani onse atsopano.

Kusamala ndi kugawa ndalama

Mahabu a makoni azitsegulidwa ndi kuthiridwa girizi watsopano dzinja likatha, komanso nthawi iliyonse mukawoloka madzi ofika pahabu. Musawapopere madzi amphamvu a kotsukira magalimoto. Makoni asamangidwe mpaka gudumu kuuma, komanso asasiyidwe akugwedera. Sipoko imodzi ikaduka, ikani ina tsiku lomwelo, chifukwa zoyandikana nazo zimasenza katundu wa yodukayo.

Ndalama zikakhala zochepa, yambani ndi gudumu lakumbuyo. Gulani limu la aluminiyamu la makoma awiri, masipoko osachita dzimbiri ndi habu yomwe zipangizo zake zimapezeka kwanu. Zotsalazo zipite kwa mmisiri, ndipo musamuthamangitse kapena kumunenerera mtengo mpaka ntchito aigwire mothamanga. Kuluka gudumu bwino kumadya maola, ndipo maola amenewo ndi omwe adzakupulumutseni kukankha njinga pakati pa ulendo. M'misika yathu muli amisiri odziwadi ntchitoyi. Funsani anyamata a kabaza pasiteji kuti magudumu awo amalukitsa kwa ndani, chifukwa iwo ndi amene amayesa ntchito ya mmisiri tsiku ndi tsiku.